9mm, .40 ndi .45: manambala a mfuti ndi zimene lamulo la ku Dubai limanena

Ana ambiri a ku Muhaisnah amene amasewera PUBG pafoni amawadziwa kale mawu ngati 9mm ndi .45 ACP, chifukwa ndi mayina a zipolopolo zimene amatola m'masewerawo. Makolo nawonso, makamaka amene amagwira ntchito yaulonda kapena anakhalako ku Joni, anamvapo anthu akutsutsana kuti mfuti yabwino kwa wapolisi kapena yodzitetezera ndi iti. Nkhaniyi ikufotokoza tanthauzo la manambalawa, mmene apolisi amasankhira pakati pawo, komanso chifukwa chake banja lokhala ku Dubai siliyenera kusunga ngakhale chipolopolo chimodzi.

Kodi manambalawa amatanthauza chiyani?

Nambala imene imatchulidwa pa mfuti imanena kukula kwa chipolopolo m'mimba mwake, komwenso ndi kukula kwa bowo la mpope wa mfutiyo. Muyezo umenewu umatchedwa calibre. Maiko a ku Ulaya amayeza m'mamilimita, pomwe a ku America amayeza m'mainchesi. N'chifukwa chake 9mm ndi mamilimita 9, koma .45 ndi pafupifupi theka la inchi, kapena mamilimita 11.4. Chipolopolo chilichonse chimalowa mu mfuti imene inapangidwira muyezo wake basi.

Mitundu inayi yodziwika

Wa 9mm, umene dzina lake lonse ndi 9x19 Parabellum, anaukonza ndi Georg Luger, ndipo unayamba kupangidwa ku Germany cha m'ma 1902. Chipolopolo chake chimalemera pafupifupi magalamu 8. Lero ndiwo muyezo umene asilikali a maiko a NATO amagwiritsa ntchito pa mfuti zing'onozing'ono zogwira ndi dzanja limodzi. Apolisi a ku South Africa nawonso amanyamula mfuti za 9mm.

Wa .45 ACP anaukonza ndi John Browning wa ku America, ndipo asilikali a dzikolo anayamba kuugwiritsa ntchito mu 1911. Chipolopolo chake ndi chachikulu, cholemera pafupifupi magalamu 15, koma chimayenda pang'onopang'ono poyerekeza ndi cha 9mm. Mu 1985 asilikali a America anausiya n'kutenga mfuti ya Beretta ya 9mm.

Wa .38 Special unachokera ku kampani ya Smith & Wesson chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890. Umalowa m'mfuti zokhala ndi kamgolo kozungulira, zimene zimanyamula zipolopolo 5 kapena 6. Kwa zaka zambiri imeneyi ndiyo inali mfuti ya wapolisi wamba ku America. Ngakhale umatchedwa .38, kukula kwake kwenikweni ndi kofanana ndithu ndi 9mm.

Wa .40 S&W ndiwo watsopano pa yonseyi. Unatuluka mu 1990, ndipo ndi wa mamilimita 10, pakati pa 9mm ndi .45.

Zimene zinachitika ku Miami

Pa 11 Epulo 1986, apolisi asanu ndi atatu a FBI, bungwe lofufuza milandu la boma la America, anawomberana ndi anthu awiri oba m'mabanki pafupi ndi mzinda wa Miami. Apolisi awiri anafa, asanu anavulala. Mmodzi mwa akubawo anawomberedwa koyambirira ndi chipolopolo cha 9mm chimene chinaima chisanafike pamtima, ndipo anapitiriza kuwombera. A FBI anaona kuti chipolopolocho sichinalowe mokwanira, choncho anayamba kufuna champhamvu. Anayesa cha 10mm, koma mfuti yake inkakankha dzanja kwambiri moti ambiri ankavutika nayo. Ataichepetsa mphamvu ndi pomwe panabadwa .40 S&W, umene unafala kwambiri pakati pa apolisi a ku America m'zaka za m'ma 1990.

Kuchokera pa ngoziyi, a FBI anakhazikitsa muyeso wakuti chipolopolo cha wapolisi chizilowa mainchesi 12 mpaka 18, kapena masentimita 30 mpaka 46, m'phala lolimba la jelatini limene amayesera m'malo mwa mnofu wa munthu. Chikalowa pang'ono sichiimitsa chigawenga. Chikalowa mopitirira chimatulukira kuseri n'kukavulaza munthu wosalakwa.

Mu 2014 a FBI omwewo anabwereranso ku 9mm, ndipo mu 2016 anapereka kontirakiti ya mfuti zatsopano ku kampani ya Glock. Anapeza kuti zipolopolo za 9mm za masiku ano zimakwanitsa muyeso uja, ndiponso kuti apolisi amawombera molondola ndi mwachangu akagwira mfuti yosakankha kwambiri.

Zimene apolisi amayang'ana posankha

Choyamba ndi kukankha kwa mfuti. Chipolopolo chikakula, mfuti imalumpha kwambiri m'dzanja, ndipo kuwombera kachiwiri molondola kumavuta. Polisi imalemba anthu a matupi osiyanasiyana, amuna ndi akazi, ndipo mfuti imodzi iyenera kuwayenera onse.

Chachiwiri ndi kuchuluka kwa zipolopolo zolowa m'magazini. Mfuti za Glock zofanana msinkhu zimasonyeza bwino kusiyanaku: Glock 17 ya 9mm imanyamula 17, Glock 22 ya .40 imanyamula 15, pomwe Glock 21 ya .45 imanyamula 13.

Chachitatu ndi mtengo. Zipolopolo za 9mm n'zotchipa, choncho ndalama yomweyo imalola wapolisi kuphunzira kuwombera kambirimbiri. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse: chipolopolo chachikulu chophonya chilibe phindu, ndipo chingaphe wodutsa m'njira. Maphunziro amaposa kukula kwa chipolopolo. Palinso maiko ngati Britain kumene apolisi ambiri oyendera m'misewu sanyamula n'komwe mfuti.

Nanga munthu wamba wofuna kudziteteza?

Funso limeneli limayankhidwa ndi lamulo la dziko limene munthu akukhala. Ku South Africa, lamulo la Firearms Control Act la mu 2000 limalola laisensi ya mfuti yodzitetezera ya zaka 5, koma munthu ayenera kukhala nzika kapena wokhala ndi chilolezo chokhazikika m'dzikomo, ndipo ayambe wapeza satifiketi yosonyeza kuti ndi woyenera. Ku Malawi, mfuti iliyonse imafuna laisensi yochokera ku polisi.

Ku United Arab Emirates nkhani ndi ina. Lamulo la boma nambala 17 la mu 2019 limaletsa kukhala ndi mfuti, zipolopolo kapena zida zina popanda laisensi, ndipo malaisensi otero amaperekedwa makamaka kwa nzika za dzikoli. Mlendo amene anabwera pa viza ya ntchito asayembekezere kuyenda ndi mfuti yodzitetezera. Ngakhale alonda ambiri amene amakhala ku Sonapur, m'dera la Muhaisnah 2, amagwira ntchito yawo opanda mfuti. Ntchito yaulonda ku Dubai imayang'aniridwa ndi bungwe la SIRA, limene linakhazikitsidwa mu 2016, ndipo mlonda amaphunzitsidwa kuona, kulemba lipoti ndi kuitana apolisi.

Chimene chimagwetsa anthu ambiri m'mavuto ndi katundu wa paulendo. Pabwalo la ndege la Dubai, chipolopolo chimodzi chokha chopezeka m'chikwama ndi mlandu. Khoko la chipolopolo chowombedwa kale, kapena chipolopolo chokongoletsera pa makiyi kapena pa mkanda, nachonso chingamangitse munthu, ngakhale amene akungosintha ndege. Zotsatira zake zingakhale kutsekeredwa, chindapusa, kutha kwa ntchito ndi kubwezedwa kumudzi.

Zoyenera kuchita pabanja

Musanapakire, khuthulani chikwama chonse ndi kupisa m'matumba onse, makamaka ngati chikwamacho munabwereka kwa wachibale amene ndi msilikali, wapolisi, mlonda kapena mlenje. Musanyamule phukusi la munthu wina musanaone zimene zili mkati. Safunsa anadya phula.

Ana auzidwe kuti akaona mfuti kapena chipolopolo pena paliponse asachigwire, achokepo ndipo akauze munthu wamkulu. Asamatolenso makoko a zipolopolo pa tchuthi kumudzi kuti akaonetse anzawo kusukulu ku Dubai. Wachinyamata amene ali ndi chidwi ndi kuwombera angapite ndi makolo ku makalabu ovomerezeka, monga a ku Jebel Ali ndi ku Sharjah, kumene amawombera moyang'aniridwa ndi mlangizi ndipo chilichonse chimatsala komweko.

Pakagwa zoopsa, imbani 999 kuti mupeze Polisi ya Dubai, 998 ambulansi, ndi 997 ozimitsa moto. Pa nkhani zosafulumira, monga kufunsa chochita ndi chinthu chokayikitsa chimene mwachipeza m'katundu wanu, imbani 901. Manambala anayi amenewa alembedwe papepala pafupi ndi chitseko, ndipo mwana aliyense m'nyumba awaloweze.