Ginkgo biloba

Ginkgo biloba ndi mtengo wochokera ku China womwe masamba ndi njere zake zimagwiritsidwa ntchito ngati mankhwala azitsamba. Ndi mtundu umodzi wokha wotsala m'gulu la mitengo lotchedwa Ginkgoales, lomwe linalipo zaka zoposa 200 miliyoni zapitazo. Mtengowu umatalika mamita 20 mpaka 35, masamba ake amaoneka ngati chokupizira mphepo, ndipo pali mitengo yaimuna ndi yaikazi. Njere zimabereka pa mtengo waukazi wokha.

Mbiri

Ku China asing'anga akale ankagwiritsa ntchito kwambiri njere za mtengowu. Buku la mankhwala la Li Shizhen lotchedwa Bencao Gangmu, lomwe linasindikizidwa mu 1596, limatchula njerezi ngati mankhwala a chifuwa, mphumu ndi vuto lokodza pafupipafupi. Engelbert Kaempfer, dokotala wa ku Germany, anauona mtengowu ku Japan ndipo anaufotokoza m'buku lake la mu 1712. Carl Linnaeus anaupatsa dzina loti Ginkgo biloba mu 1771.

Mankhwala a masamba ndi atsopano poyerekeza ndi a njere. Kampani ya Dr. Willmar Schwabe ya ku Germany inayamba kuwagulitsa mu 1965. Mtundu womwe wafufuzidwa kwambiri ndi EGb 761, ndipo pa magawo 100 alionse, 24 ndi ma flavonoid pomwe 6 ndi ma terpene lactone. Amagulitsidwa ngati mapiritsi, makapisozi kapena madzi, ndipo m'kafukufuku anthu nthawi zambiri amamwa mamiligalamu 120 mpaka 240 patsiku.

Zomwe kafukufuku wapeza

Anthu ambiri amamwa ginkgo pofuna kukumbukira bwino zinthu komanso kuti magazi aziyenda bwino m'thupi. Kafukufuku wamkulu wa ku United States wotchedwa Ginkgo Evaluation of Memory anatsatira anthu 3,069 azaka 75 kupita m'tsogolo kwa zaka pafupifupi 6. Zotsatira zake, zomwe zinatuluka mu 2008, zinasonyeza kuti ginkgo sanateteze anthuwo ku matenda oiwalaiwala a ukalamba, kuphatikizapo a Alzheimer. Kafukufuku wina wa ku France wotchedwa GuidAge anapezanso zofanana mu 2012.

Kwa anthu omwe matendawa anawayamba kale, zotsatira zimasiyanasiyana. Mu 2015 komiti yoona za mankhwala azitsamba ya European Medicines Agency inavomereza kuti mankhwala a masamba a ginkgo angathandize okalamba omwe matendawa sanawafike pachimake. Izi zikutanthauza kuchepetsa zizindikiro chabe, osati kuchiza. Pa vuto la kulira kwa m'makutu, kafukufuku sanapeze umboni wokwanira woti ginkgo amathandiza.

Kuopsa kwake

Ena akamwa ginkgo amamva mutu, chizungulire kapena kupweteka m'mimba. Chodetsa nkhawa kwambiri n'chakuti angachititse kuti magazi asaundane msanga, makamaka kwa amene akumwa warfarin kapena aspirin. N'chifukwa chake madokotala amalangiza kusiya kumwa munthu asanapite ku opaleshoni, ndipo amayi oyembekezera saloledwa kumwa. Ginkgo angachepetsenso mphamvu ya efavirenz, amodzi mwa ma ARV, choncho awiriwa sayenera kumwedwa pamodzi.

Njere zili ndi poizoni wotchedwa ginkgotoxin, yemwe amasokoneza ntchito ya vitamini B6 m'thupi. Ku China, Japan ndi Korea anthu amadya njere zophika kapena zowotcha pang'onopang'ono, koma kutentha sikuthetsa poizoniyu. Munthu akadya zambiri, makamaka mwana, amatha kusanza, kukomoka ndi kuphupha ngati wodwala khunyu. Odwala khunyu amalangizidwa kupewa ginkgo.

Mu 2013 bungwe la International Agency for Research on Cancer linaika mankhwala a masamba a ginkgo m'gulu la 2B, la zinthu zomwe mwina zingayambitse khansa, potengera kafukufuku wa mbewa ndi makoswe omwe anapatsidwa mlingo waukulu kwambiri.