Kuchokera kwa Cornelius Kufika pa Instagram

Mu 1839, mumzinda wa Philadelphia, mnyamata wina dzina lake Robert Cornelius anaimika kamera pafupi ndi shopu ya nyale ya banja lake, n'kukhala duu kutsogolo kwake mpaka nkhope yake itagwira pa kachitsulo kopakidwa siliva. Chithunzicho, chomwe chimamuonetsa tsitsi lili nyankhalala, chikusungidwa ku Library of Congress. Ambiri amati imeneyi ndiyo selfie (chithunzi chodzijambula wekha) yoyamba, ngakhale kuti mwiniwakeyo ankangoyesa makina, osati kufuna kuyamikiridwa.

Mtima wodzionetsa sunachedwe kutsatira. Mu 1854 André Disdéri wa ku Paris analembetsa luso lojambula tizithunzi tating'ono tomata pa kakhadi. Anthu a ku Ulaya anapenga nato: ankapatsana, kusinthana ndi kudzaza maalubamu oonetsa alendo. Ngakhale Mfumukazi Victoria inkatolera.

Kamera yotchipa ya Kodak Brownie itatuluka mu 1900, pa mtengo wa dola imodzi, ngakhale ana anayamba kujambula. Anastasia, mwana wamkazi wa mfumu yomaliza ya Russia, anadzijambula pagalasi ali ndi zaka 13 n'kutumizira mnzake m'kalata. Ku Bamako, m'zaka za m'ma 1950, Seydou Keïta ankasunga wailesi, mawotchi ndi njinga yamoto mu situdiyo yake kuti makasitomala abwereke pojambulitsa. Munthu ankatuluka pa pepala ali bwana pomwe m'thumba muli mbee. Choncho odzudzula achinyamata a lero kuti amanamiza anthu ndi zithunzi ayambe afunsa agogo awo ngati jekete la pa chithunzi chakale chija linalidi lawo.

Zinthu zinatembenuka mu 2010, pomwe iPhone 4 inabwera ndi kamera yakutsogolo ndipo Instagram inayamba. Mu Disembala 2013, pa mwambo wokumbukira Nelson Mandela ku Johannesburg, atsogoleri a mayiko Barack Obama, David Cameron ndi Helle Thorning-Schmidt anaunjikana pa foni imodzi akumwetulira. Manyuzipepala anawadzudzula kuti pamaliro sapangirapo zotere.

Chachilendo kwenikweni si kamera ayi, koma kuwerengera. Alubamu ya Victoria inalibe nambala yosonyeza anthu amene akonda nkhope yake. Lero nambalayo nthawi zambiri imaoneka kwa aliyense, ndipo ena amafufuta chithunzi ngati ola latha anthu asanachikonde mokwanira.

Ofufuza a ku South Korea anapeza mu 2016 zifukwa zinayi zoikira selfie: kufuna chidwi cha anthu, kucheza ndi abale ndi anzawo, kusunga chikumbutso, ndi kungosangalala. Mwana wa ku Joni wotumizira mayi ake nkhope yake kuti aone kuti ali bwino sangafanane ndi wodikira kuyamikiridwa ndi anthu osawadziwa. Koma kafukufuku wa Jennifer Mills ndi anzake ku York University, ku Canada, anaonetsa mu 2018 kuti atsikana omwe anaika selfie anada nkhawa kwambiri n'kudziona osakongola, ngakhale amene analoledwa kuyamba akonza chithunzicho.

Eni ake Instagram ankazidziwa. Zikalata zomwe Frances Haugen, yemwe kale ankagwira ntchito kwa iwo, anaulula mu 2021 zinasonyeza kuti mwa atsikana omwe kampaniyo inafunsa, 32 pa 100 alionse anati akamaipidwa ndi matupi awo, Instagram imawonjezera ululuwo. Kampaniyo inayesako kubisa nambala ija ku Canada mu 2019, koma pofika 2021 inangosiyira munthu aliyense kusankha yekha kuibisa kapena ayi.