Mafunso a pa Chirunga: mbiri ya maphunziro a za anthu ku Zomba

Pali mawu amene afala m'masukulu a sekondale, ndipo makolo ena amawanena mosadodoma. Akuti History, Literature, Social Studies ndi Psychology ndi maphunziro a ana amene masamu ndi sayansi zawakanika. Mwana akasankha mbali imeneyi pofika Fomu 3, achibale amayamba kumuyang'ana ndi diso lachisoni. Mu 2025 University of Malawi inakwanitsa zaka 60 chiyambire kuphunzitsa, ndipo amene angalondole mapazi a maphunzirowa mu mzinda wa Zomba aona yekha kuti mawu aja alibe mutu. Phunziro lopanda pake silingamangitse mphunzitsi. Silingaimitsenso koleji yonse kwa miyezi 8.

Za kale kwambiri n'zochepa zimene zinalembedwa. M'tsinde mwa phiri la Zomba munkakhala Amang'anja, kenako kunafika Ayao a mafumu monga Malemia ndi Mlumbe, ndipo mbiri yawo inkasungidwa pakamwa: pabwalo, kusimba ndi m'nthano za madzulo. Mu 1891 atsamunda anakhazika likulu lawo ku Zomba. Mu 1919 moto unapsereza ofesi yaikulu ya boma, ndipo makalata ambiri a zaka zoyambirira za utsamunda anasanduka phulusa. Mpata umene motowo unasiya ukuvutitsabe ofufuza mpaka lero.

Sukulu zinabwera pang'onopang'ono. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 ku Domasi kunatsegulidwa Jeanes Training Centre, kumene aphunzitsi ndi akazi awo, ngakhalenso mafumu, ankaphunzira za ukhondo, ulimi ndi kayendetsedwe ka mudzi. Mu 1942 kunatsegulidwa Zomba Catholic Secondary School, imene aliyense amaidziwa kuti Box 2, patangopita zaka ziwiri chitsegulireni Blantyre Secondary School. Koma mbiri imene mwana wakuda ankaphunzira masiku amenewo inali ya mafumu a ku Mangalande ndi maulendo a David Livingstone. Agogo ake omwe ankatchulidwa m'buku ngati anthu amene mzungu anawapeza panjira.

Za maganizo a munthu nazo zinayamba moipa. Mu 1910 odwala misala ankasungidwa m'chigawo china cha ndende yaikulu ya Zomba, pamodzi ndi akaidi. Chipatala chenicheni cha matendawa chinatsegulidwa mu 1953. Mpaka pano munthu akauzidwa kuti "tikupititsa ku Zomba" amadziwa kuti akumunyoza, ndipo chitonzo chimenecho chinabadwira pa chiyambi chomvetsa chisonichi. Mu 1947 kunakhazikitsidwa nkhokwe ya makalata akale a boma, imene lero ndi National Archives of Malawi. Choncho ufulu usanabwere, Zomba inali kale ndi zinthu zoti munthu aphunzirepo za anthu. Kunkasowa Amalawi opatsidwa mpata wofunsa mafunso.

Mpatawo unapezeka mu September 1965, pamene yunivesite inayamba kuphunzitsa ophunzira 90. Ambiri amaganiza kuti Chanco, koleji yoyamba ya yunivesiteyi, inabadwira ku Zomba, koma ayi, inayambira ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre. Inasamukira pa Chirunga ku Zomba mu 1973, itaphatikizidwa ndi Soche Hill College yophunzitsa aphunzitsi komanso sukulu ya za malamulo ndi kayendetsedwe ka boma ya ku Mpemba. Mu 1975 likulu la dziko linapita ku Lilongwe. Akuluakulu a boma atalongedza katundu wawo, tauni inatsala m'manja mwa aphunzitsi, ophunzira, asilikali a ku Cobbe Barracks ndi aphungu amene ankabwerabe ku Nyumba ya Malamulo mpaka 1994.

Ntchito imene nthambi ya History inagwira m'zaka zimenezo ndi yoyenera kuivulira chipewa. Akadaulo monga Bridglal Pachai, amene anasonkhanitsa buku la The Early History of Malawi mu 1972, kenako Kings Phiri ndi Owen Kalinga, anaona kuti zimene zinapsa ndi moto komanso zimene atsamunda sanalembe zinali zikadali m'mitu ya nkhalamba. Ophunzira a chaka chomaliza ankatumidwa kwawo pa tchuthi atatenga kope ndi cholembera. Mnyamata ankakhala pamphasa ndi agogo ake, kufunsa za thangata, za njala ya mu 1949, za ulendo wa ku Joni kapena za ufumu wa Kalonga, n'kubwera kudzawerenga zimene wapeza pamaso pa anzake ndi aphunzitsi. Mapepala amenewo, otayipidwa pa taipilaita ndipo ena ofiirira ndi ukalamba, akatswiri a m'maiko akutali amawatchulabe m'mabuku awo. Nkhalamba zimene zinayankha mafunsowo zinapita kalekale, koma mawu awo alipo chifukwa cha ana a sukulu.

Mbali ya zolembalemba inali ndi gulu la Writers' Group, limene linayamba mu 1970 ku Chichiri n'kusamuka limodzi ndi koleji. Sabata iliyonse ankakumana madzulo, kugawana ndakatulo ndi nthano zosindikizidwa pa makina a stensulo, n'kumazisenda mopanda kunyengererana. Jack Mapanje, Steve Chimombo, Lupenga Mphande, Frank Chipasula ndi Anthony Nazombe anadutsa m'gulu limeneli. Chimombo anatenga Napolo, chinjoka chimene anthu amati chinagumula phiri ndi kusefukiza madzi mu tauni mu December 1946, n'kuchisandutsa chida chofotokozera mavuto a dziko. Gulu la Travelling Theatre nalo linkatenga zisudzo kupita nazo m'masukulu ndi m'midzi.

Zonsezi zinkachitika pansi pa ulamuliro wa chipani chimodzi, pamene lamulo la mu 1968 linkafuna kuti buku, sewero kapena nyimbo zipimidwe kaye. Alembi anaphunzira kulankhula mophiphiritsa. Olemba mbiri anaphunzira kudumpha mitu ina, makamaka mkangano wa nduna wa mu 1964 ndi mayina a anthu amene anathawa m'dziko muno. Pa 25 September 1987 Mapanje, amene anali mkulu wa nthambi ya Chingerezi, anagwidwa ku Gymkhana Club n'kukatsekeredwa ku Mikuyu, kunja kwa tauni yomweyi, osazengedwa mlandu. Anatuluka mu May 1991. Apa m'pamene mbewu yoipa inamera. Mphunzitsi wa sekondale wophunzitsidwa m'nyengo imeneyo anadziwa kuti njira yotetezeka ndi kulembetsa manotsi pabolodi, ana aloweze madeti, nkhani ithere pomwepo. Komabe mu March 1992, kalata ya maepiskopi a Katolika itawerengedwa m'matchalitchi, ophunzira a pa Chirunga anali m'gulu la oyamba kutuluka pamsewu kuivomereza.

Malamulo aakulu a dziko amene anabwera ndi ulamuliro wa zipani zambiri anaika ufulu wa maphunziro mu gawo 33, ndipo ambiri anayesa kuti nkhondo yatha. Chaka cha 2011 chinaonetsa kuti mantha sachoka ndi cholembera.

Pa 12 February chaka chimenecho, mphunzitsi wina wa za ndale anaitanidwa ndi mkulu wina waudindo kuti akafotokoze zimene ananena m'kalasi. Dziko linali pa mizere ya mafuta ndipo ndalama zakunja zinkasowa. Mphunzitsiyo, pofuna kuti ophunzira amvetse phunziro, anapereka chitsanzo cha Tunisia ndi Egypt, kumene mavuto a zachuma anali atangothandizira kugwetsa maboma. Funso limene linawawa anzake linali limodzi: mawu a m'kalasi anatuluka bwanji? Zinaonekeratu kuti pakati pa ophunzira panali makutu a anthu ena.

Aphunzitsi anaika choko pansi. Sanapemphe ndalama. Anapempha chipepeso ndi chitsimikizo chakuti m'kalasi simudzakhalanso akazitape. Anzawo a ku Polytechnic anawatsatira. Ophunzira anatuluka pamsewu, utsi wokhetsa misozi unafuka mpaka m'mahositelo, ndipo koleji inatsekedwa. Aphunzitsi 4, kuphatikizapo atsogoleri a bungwe lawo, analandira makalata owachotsa ntchito. Nkhani inalowa m'makhoti, ziletso zikutsatana, mbali iliyonse itaumitsa khosi. Chisanu cha June chinafika n'kupita makalasi ali chitsekere.

Tauni yonse inamva kuwawa. Eni nyumba za lendi ku Chikanda anatsala ndi zipinda zopanda anthu. Amayi ogulitsa mandasi ndi tomato pafupi ndi koleji, anyamata a chipisi, a fotokope, onse anaona malonda akulowa pansi. Kumudzi makolo ankayang'ana mwana amene anamugulitsira mbuzi ndi chimanga atangokhala pakhonde. Ena mwa makolowo anakwiyira aphunzitsi, ndipo mkwiyo wawo unali womveka. Koma aphunzitsi akanagonja, lero bwenzi palibe mphunzitsi wa Social Studies, ngakhale wa sekondale ya kumudzi, amene akanalimba mtima kufunsa ana chifukwa chake mankhwala amasowa m'chipatala. Chakumapeto kwa October anayi aja anabwezeredwa pa ntchito, ndipo mu November makalasi anayambanso. Kalendala ya maphunziro inasokonekera kwa zaka zingapo pambuyo pake.

Mu May 2021 yunivesite inagawidwa, ndipo dzina la University of Malawi linatsalira pa Chirunga. Ophunzira achuluka kwambiri kuposa 90 aja. Bungwe la mayeso la MANEB lili mu tauni yomweyi, Malawi Institute of Education yokonza masilabasi ili ku Domasi, Centre for Social Research ndi Centre for Language Studies zilinso pano. Palibe mzinda wina m'Malawi umene uli ndi chuma chotere pamalo amodzi.

Chimene chikudwalitsa maphunzirowa lero ndi umphawi ndi chizolowezi chimene mantha akale anasiya. Ana angapo amalimbirana buku limodzi la Nthondo. Ambiri amalemba mayeso a Literature atangowerenga timapamfuleti ta mafunso ndi mayankho, buku lenilenilo osaligwira. History yasanduka mndandanda wa madeti. Dziko likulira ndi achinyamata odzipha, koma akatswiri a za maganizo ndi owerengeka, ndipo mwana wofuna kuphunzira Psychology amafunsidwa kuti adzadya chiyani. Madokotala ndi mainjiniya tikuwafuna, palibe akutsutsa. Tikufunanso anthu odziwa chifukwa chake mijigo imafa m'midzi, chifukwa chake atsikana amasiya sukulu, ndi chifukwa chake timabwereza zolakwa za makolo athu.

Aphunzitsi a m'sekondale za Zomba, nkhokwe ya makalata akale ndi ndende yakale ya Mikuyu zili pakhomo panu: pitani nawo ana akaone ndi maso. Pa tchuthi atumeni kwa agogo awo ndi kope, monga ankachitira a pa Chirunga. Nanunso makolo, mwana akasankha History kapena Literature, mugulireni buku, ndipo akabwera ndi mafunso ovuta muziyankha.