Samson Kambalu

Samson Kambalu (anabadwa mu 1975) ndi mmisiri wa zaluso wa ku Malawi amene amakhala ku United Kingdom. Amapanga ziboliboli, amajambula mafilimu aafupi komanso amalemba mabuku. Amadziwika kwambiri ndi chiboliboli cha John Chilembwe chotchedwa Antelope, chomwe chinaimikidwa pa Trafalgar Square mumzinda wa London mu 2022. Ntchito zake zambiri zimachokera ku Gule Wamkulu ndi kaganizidwe ka Achewa.

Ubwana ndi maphunziro

Bambo ake anali ogwira ntchito zachipatala ndipo ankasamutsidwa kawirikawiri, choncho Kambalu anakulira m'maboma osiyanasiyana. Anaphunzira ku Kamuzu Academy ku Mtunthama m'boma la Kasungu, sukulu imene Dr. Hastings Kamuzu Banda anatsegula mu 1981, komwe ana ankaphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Atachoka kumeneko anapita ku Chancellor College ku Zomba, m'munsi mwa Phiri la Zomba, ndipo anamaliza digiri ya zaluso ndi maphunziro a nyimbo zachikhalidwe mu 1999. Pambuyo pake anaphunzira ku Nottingham Trent University, n'kudzatenga digiri ya udokotala ku Chelsea College of Arts ku London. Amaphunzitsa ku Ruskin School of Art pa yunivesite ya Oxford.

Ku Zomba

Ntchito imene inayamba kumutchukitsa inaonetsedwa ku Chancellor College mu 2000. Anatenga mipira ya miyendo n'kuimata masamba a Baibulo, ndipo anaitcha Holy Ball. Anthu obwera kudzaona ankaloledwa kuigwira ngakhale kuimenya. M'dziko limene ambiri ndi opemphera, funso linali lakuti munthu angamenye bwanji mpira womatidwa mawu opatulika, ndipo aliyense ankayenera kusankha yekha chochita ataima patsogolo pa mpirawo. Nthawi imeneyo zaluso ku Malawi zinkatanthauza makamaka zojambula za penti ndi ziboliboli za mtengo zogulitsa kwa alendo, kotero chinthu choterechi chinali chachilendo.

Nyau Cinema ndi zolemba

Mu 2008 anasindikiza buku la mbiri ya moyo wake lotchedwa The Jive Talker, dzina limene limanena za bambo ake. Mafilimu ake amawatcha Nyau Cinema. Ndi aafupi kwambiri, ambiri osafika mphindi imodzi, opanda mawu, ndipo wosewera ndi iye mwini, m'misewu ya mizinda imene wafikako. Amachitamo zinthu zooneka ngati maloto kapena masewera a ana, monga momwe chilombo cha gule chimatulukira mwadzidzidzi m'mudzi, n'kusokoneza tsiku, kenako n'kuzimiririka.

Mu 2015 anaitanidwa ku chionetsero cha Venice Biennale chimene anakonza Okwui Enwezor. Kumeneko anaonetsa zithunzi za makalata ndi zolemba za Gianfranco Sanguinetti, wolemba wa ku Italy, zimene anazijambula ku laibulale ya Beinecke pa yunivesite ya Yale. Sanguinetti anakasuma kukhoti ku Venice, koma mlanduwo sunamukomere. Mu 2021 Kambalu anachita chionetsero chotchedwa New Liberia ku Modern Art Oxford.

Antelope

Chiboliboli cha Antelope chinavundukulidwa pa 28 September 2022 pa nsanja yachinayi ya Trafalgar Square, pamene pamaikidwa ntchito za amisiri amakono mosinthanasinthana, ndipo chinakhalapo mpaka 2024. Chinatengedwa pa chithunzi cha mu 1914, chomwe chikuonetsa Chilembwe ndi mmishonale wachizungu John Chorley ataima panja pa tchalitchi chatsopano cha Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Pachithunzipo Chilembwe wavala chipewa, pamene nthawi ya atsamunda munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu. Kambalu anasunga chipewacho, koma anasintha misinkhu: Chorley ali ndi msinkhu wa munthu wamba, pamene Chilembwe ndi wamtali pafupifupi mamita 5.

Chilembwe anatsogolera kuukira atsamunda pa 23 January 1915 ndipo anaphedwa pa 3 February chaka chomwecho. Boma, lomwe likulu lake linali ku Zomba, linagumula tchalitchi chija. Ku Malawi nkhope yake ili pa ndalama ndipo amakumbukiridwa pa 15 January chaka chilichonse, koma ku Britain anthu ambiri anayamba kumva dzina lake chifukwa cha chibolibolichi.

Dzina la ntchitoyi lili ndi mbali imene mlendo sangaione msanga. M'Chichewa chilembwe ndi dzina la nyama yam'tchire ya nyanga, ndiponso la chimodzi mwa zilombo za Gule Wamkulu. Chilombo cholemekezeka koposa, Kasiyamaliro, nachonso chimalukidwa m'maonekedwe a nyama ya mtundu umenewu. Chimaimira mayi wa mtundu, ndipo mkati mwake mumatengedwa ngati mimba imene anyamata olowa gule amabadwiramo kachiwiri. Pakati pa Achewa, omwe mbumba yawo imawerengedwa kuchikazi, chizindikiro chimenechi n'chachikulu. Motero chiboliboli chimene pamaso chikuonetsa amuna awiri ovala masuti chili ndi dzina lokumbutsa za umayi ndi za makolo. Gule Wamkulu analengezedwa ndi UNESCO mu 2005 kukhala chimodzi mwa zikhalidwe zamtengo wapatali za anthu a padziko lonse.