Tsabola wakale amene akuwawabe: mbiri ya Linux ndi FreeDOS pa mabodi a m'mafakitale

Chaka chatha ndinali pa atachimenti pa depoti ina yogula mbewu. Ntchito yanga inali yothandiza amisiri a zamagetsi, koma kunena zoona nthawi zambiri ndinkangonyamula bokosi la zida. Tsiku lina m'mawa, nyengo yogula soya ili pachimake, kompyuta ya pa sikelo yoyezera malole inakana kudzuka. Sikeloyo inkayeza ndithu, manambala ankaoneka, koma tikiti sinkatuluka, ndipo popanda tikiti mlimi salipidwa. Pofika masana mzere wa malole ndi ngolo unali utafika kumsewu.

Titatsegula bokosi lachitsulo, sindinapezemo kompyuta imene ndinkaidziwa. Munali timabodi titatu tobiriwira, kalikonse kukula ngati chikhatho, tosanjikizana ngati mbale. Amisiri aakulu, bambo a imvi, anandiyang'ana n'kuseka. "Mwanawe, kameneka kanafika kuno iwe usanabadwe." Kampani imene inagulitsa makinawo inayankha pa imelo kuti mtundu umenewo inausiya kalekale, tigule watsopano, mtengo wake m'madola. Kuyambira tsiku limenelo ndinafuna kudziwa kumene timabodi timeneti tinachokera, ndi chifukwa chake eni ake amatitaya tikugwirabe ntchito.

Nkhani yake ikuyamba mu 1981, pamene IBM inatulutsa kompyuta yake yoyamba ya PC. Mkati mwake munali mipata yolowetsamo makhadi owonjezera, ndipo mu 1984 njira yolumikizirayi anaikuza pa makina a PC/AT. Inadzatchedwa ISA. Makampani ena atayamba kupanga makompyuta ofanana ndi a IBM, mitengo inatsika ndipo anthu odziwa kulemba mapulogalamu ake anachuluka. Mainjiniya a m'mafakitale anasirira, koma kompyuta ya muofesi sinkapirira kufakitale. Makina akamanjenjemera khadi limasukusa, fumbi limatseka fani, kutentha kumamaliza zotsala.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, kampani ya Ampro ya ku California inapeza yankho. Inaika PC yathunthu pa kabodi ka mamilimita 90 kwa 96, ndipo m'malo molowetsa makhadi m'mipata, mabodiwo ankasanjikizana pa tizitsulo tolumikizira 104, n'kumangidwa ndi maboti m'makona onse anayi. Mu 1992 makampani angapo anagwirizana kuti umenewu ukhale muyezo wa onse, dzina lake PC/104. Mabodi otere analowa m'makina opakira katundu, m'zida za kuchipatala, m'masitima ndi m'ndege. Ngakhale timasetilaiti ting'onoting'ono ta CubeSat tambiri tinatengera kukula kwa bodi imeneyi. Popeza ogula ankafuna chinthu chosasinthasintha, Intel inapitiriza kupanga chipu cha 386, chimene chinatuluka mu 1985, mpaka mu 2007, pamene m'maofesi chinali chitaiwalika kalekale.

Vuto linali lakuti chitsulo chimakhalitsa kuposa pulogalamu. Makina a kufakitale amagulidwa kuti atumikire zaka 20 kapena 30, koma operating system, pulogalamu yaikulu imene imayendetsa kompyuta yonse, mwini wake amaisamala zaka zochepa chabe. Mabodi ambiri ankayendera MS-DOS, ndipo mtundu wake womaliza wogulitsidwa pawokha, 6.22, unatuluka mu 1994. Ena anadzayendera Windows XP, imene Microsoft inasiya kuisamala mu Epulo 2014. Mwini wake akasiya, iwe sungapitirize, chifukwa source code, malemba enieni amene anthu analemba popanga pulogalamuyo, ili m'kabati ya kampani. Uli ndi galimoto imene boneti yake inawotcheredwa.

Amene anayamba kulimbana ndi zimenezi anayambiranso pa makina ovuta. Cha m'ma 1980, Richard Stallman ankagwira ntchito pa MIT ku America, kumene kunali pulinta ya Xerox imene inkakonda kutsamwa mapepala. Iye anafuna kuwonjezera kachidutswa ka pulogalamu kodziwitsa anthu pulintayo ikatsamwa, koma anamukaniza source code. Mu 1983 analengeza ntchito ya GNU, yopanga operating system imene aliyense angaiwerenge, kuisintha ndi kuigawira ena, ndipo mu 1989 panatuluka chilolezo cha GPL chotetezera ufulu umenewu. Chichewa chathu chimatithandiza pano, chifukwa tili ndi mawu awiri osiyana, ulere ndi ufulu. Stallman ankanena za ufulu.

Kenaka panabwera ophunzira awiri ngati ifeyo. Mu 1991, Linus Torvalds wa pa yunivesite ya Helsinki anayamba kulemba Linux pa kompyuta yake ya 386, chipu chomwe chija chimene chinadzakhalitsa m'mafakitale. Mu 1994, Jim Hall, amene ankaphunzira fizikisi ku Wisconsin, atamva kuti Microsoft ikufuna kusiya DOS, anayambitsa ntchito imene lero ndi FreeDOS. Mtundu wake wa 1.0 unatenga zaka 12 kuti utuluke, mu 2006. Pakati pa zaka zomwezo Bruce Perens analemba BusyBox, pulogalamu imodzi yaing'ono yogwira ntchito za malamulo ambiri a Unix, kuti zonse zoyambitsira Debian zikwane pa floppy imodzi. Opanga makina anaona kuti chimene chikukwana pa floppy chingakwanenso pa kabodi kokhala ndi memory yochepa, ndipo BusyBox inasanduka msana wa Linux ya m'makina ang'onoang'ono. Nalo bungwe la boma la America loona za miyezo, NIST, linapanga pulogalamu yoyendetsera makina odula zitsulo yotchedwa EMC, imene lero ndi LinuxCNC. Amisiri ambiri amaigwiritsa ntchito podzutsa makina akale amene ubongo wake unafa koma thupi likadali lolimba.

Kwathu kuno maganizo amenewa si achilendo. Kuyambira 2001, a Baobab Health anaika makompyuta ongokhudza pa sikirini pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chimene lero ndi Kamuzu Central. Ena mwa makina awo oyambirira anali ma I-Opener, tizipangizo ta intaneti timene kampani ya Netpliance inasiya kugulitsa ku America. Anatisintha kuti tizilembera odwala, ndipo ntchito yawo inadzakhazikika pa Linux ndi mapulogalamu ena aufulu. Sanali mabodi a kufakitale, koma nzeru yake ndi imodzi: chimene wina wataya chimadzuka ngati uli ndi ufulu wosintha zam'kati mwake.

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pamenepa, koma mbiri ili ndi mbali ina imene ife okonda Linux sitikonda kuitchula. Nayo Linux imasiya makina akale. Mtundu wa 3.8, umene unatuluka mu 2013, unachotsa chithandizo cha 386, chipu chimene Linux inabadwirapo. Mu 2022 Torvalds ananena kuti nthawi ya 486 nayo yakwana. Debian 9 ya mu 2017 inasiya ma Pentium oyambirira, ndipo Debian 13 ya mu 2025 ilibenso kernel kapena pulogalamu yoikira pa makompyuta a 32-bit a mtundu wa PC. Sindikuwaimba mlandu. Anthu amenewa alibe makina akalewo oti aziyeserapo, ndipo njira zakale zikatsala m'malemba zimachedwetsa ntchito ya ena onse.

Ndiye kusiyana kwake ndi Microsoft kuli pati? Kuli pa zimene zimatsala. Kampani ikasiya, imatseka chitseko n'kupita ndi kiyi. Gulu la Linux likasiya, malemba onse a mtundu wakalewo amatsala poyera. Munthu angathe kutenga kernel yakale, n'kugwiritsa ntchito chida ngati Buildroot kumanga Linux yaing'ono yokwana bodi yake. Makampani aakulu anazindikira zimenezi. Mu 2016, Siemens, Hitachi, Toshiba ndi ena anayambitsa Civil Infrastructure Platform pansi pa Linux Foundation, n'cholinga chosamala kernel imodzi kwa zaka zosachepera 10 kuti izigwira ntchito m'masitima ndi m'malo opangira magetsi. Palibe amene anawapatsa zimenezi kwaulere. Amalipira mainjiniya awo, ndipo chimene ufulu unawapatsa ndi chilolezo chochita zimenezo osapempha kwa munthu.

Palinso tsiku lina limene likutidikira. Makina ambiri a 32-bit a banja la Unix amawerenga nthawi m'masekondi kuyambira pa 1 Januwale 1970, ndipo malo osungira nambalayo adzadzaza pa 19 Januwale 2038. Linux 5.6 ya mu 2020 inakonza mbali ya kernel, koma bodi imene inatsekeredwa m'bokosi mu 2005 siidzadzikonza yokha. Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chokha chakhala chikuimba kwa zaka zambiri.

Ku depoti kuja, chimene chinafa chinali kadiski ka flash kamene kanali ndi MS-DOS. Ine ndi changu cha pasukulu ndinati, "Bambo, bwanji tingoikamo Linux?" Iwo anandifunsa modekha ngati Linux yangayo ikudziwa kusindikiza tikiti ya soya. Ndinangoti kakasi. Pulogalamu ya matikiti inalembedwera DOS, ndipo mwamwayi iwo anali ataikopera pa CD zaka zambiri zapitazo n'kuisunga mu diloo. Tinaika FreeDOS pa kakhadi ka CompactFlash kolumikizidwa pa doko la IDE. Kakhadi koyamba ka 4 GB kanakana, chifukwa BIOS ya nthawi imeneyo simaona kupitirira pafupifupi 500 MB. Tinachita kupempha ka 256 MB kwa wojambula zithunzi wina amene anali ndi kamera yakale. Tikiti yoyamba inatuluka ndi deti la 1980, chifukwa kabatire ka wotchi kanali katatha, ndipo tinasinthanso kameneko. Mbali yoyeza kulemera, imene ili ndi chidindo cha oyendera masikelo, sitinaikhudze. Tsiku lachitatu malole anayamba kuyenda.

Ndinasangalala, koma amisiri aja sanasangalale kwenikweni. Anandikumbutsa kuti pulogalamu ya matikitiyo ikadali yotsekedwa, palibe amene ali ndi malemba ake, ndipo CD ija ikanakhala itakalika alimi akanadikira milungu. Tinamasula pansi pokha, pamwamba pakadali pa eni ake amene anatisiya.

N'chifukwa chake ndikulembera inu anzanga a zamagetsi ndi zamakompyuta. Makina ambiri amene tidzawapeze m'mafakitale, m'zipatala ndi m'madepoti athu ndi akale, ena anafika kuno atagwirapo kale ntchito kwina. M'kalasi timathamangira zatsopano, ndipo palibe cholakwika, koma ndi angati mwa ife amene angawerenge zimene zikutuluka pa waya wa RS-232, kapena kumanga kernel yokwana mu memory yochepa? Ndipo tikadzakhala m'makomiti ogula makina, tidzafunse tisanasaine: pulogalamu yake ndi ya ndani, malemba ake tidzapatsidwa, nanga mukadzasiya kuisamala ife tidzatani?

Ine pulojekiti yanga ya chaka chomaliza ndi yolemba pulogalamu yowerenga sikelo ndi kusindikiza tikiti, imene idzayendere pa FreeDOS ndi pa Linux pomwe, pansi pa chilolezo cha GPL. Amisiri aja andibwereka bodi imodzi yotsala yoti ndiziyeserapo. Amene akufuna kuiona kapena kuthandizana nane alembe m'munsimu, kabodiko kali pa tebulo langa ku hostelo.