Kusanjikiza zovala ku Kachulu

Padoko la Kachulu, kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa m'boma la Zomba, mu June ndi July kumacha ndi chisanu, koma dzuwa likakwera kumafunda. N'chifukwa chake anthu amavala mosanjikiza: sikipa m'kati, malaya pamwamba pake, kenako juzi kapena jekete ya pakaunjika yomwe amavula masana.

Kwa amayi, chitenje cha mamita 2 ndicho chimasenza ntchito zambiri. Chimatchinjiriza diresi ku mamba a nsomba, amachifunda m'boti lopita kuchilumba cha Chisi, n'kuberekeranso mwana. Ndipo poti ndalama ya matemba imasowa nyanjayi ikaphwa, monga mu 2018, wogula mwanzeru amasankha jekete yakuda imodzi yoyenera kutchalitchi, kumaliro ndi kumsika komwe.