Kuchoka pa kabaza mpaka pa Tour du Rwanda

Anzanga, mukaona wakabaza akulimbana ndi chitunda cha ku Namwera, thumba la chimanga lili kumbuyo, musamuderere. Ku Rwanda ena anayambira pomwepo.

Mpikisano wa njinga wa Tour du Rwanda unayamba mu 1988, koma nkhondo ndi kuphana kwa mu 1994 zinauimitsa zaka zambiri. Mu 2007 Jock Boyer wa ku America, yemwe anapalasapo Tour de France, anayamba kuphunzitsa Team Rwanda. Mmodzi mwa anyamata ake, Gasore Hategeka, anali wakabaza weniweni! Mu 2009 bungwe la UCI linauvomereza mpikisanowu. Masiku ano amapalasa masiku 8, tsiku lililonse ulendo wake, nthawi n'kumaiphatikiza. Wochepa nthawi ndiye katswiri. Kuyambira 2009 ankangowina alendo, mpaka 2014 pomwe Valens Ndayisenga anakwanitsa pakwawo. Mu 2025 mzinda wa Kigali unachititsa mpikisano wa dziko lonse, koyamba mu Africa muno.

Nanga ife? Dyton Chimwaza anaimira Malawi pa njinga ku Olympics ya 1984 ku Los Angeles. Funsani pa siteji ya kabaza pa Boma, muone ngati alipo akumudziwa.